Ndangomaliza digiri ya akaunti: mfundo za khalidwe zija zimagwira bwanji mu ofesi?

Wangovula_Gauni

Moni nonse. Ndangomaliza maphunziro ku MUBAS ndipo mwezi wamawa ndikuyamba ntchito mu ofesi ya zachuma pa kampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Mfundo zisanu zija tinaloweza: kukhulupirika, kusakondera, kudziwa ntchito n'kumaigwira mosamala, kusunga chinsinsi, ndi khalidwe loyenera. Koma Lolemba m'mawa, mapepala ali mbwee pa desiki, abwana aima pakhomo akufuna cheke, ndiyambire pati? Akuluakulu amene muli m'ntchitoyi, tandiuzeni zogwirika.

Wa_Maleja

Takulandirani, achimwene. Yambirani apa: invoisi ikabwera yokha, musalipire. Pafunika mapepala atatu ogwirizana. LPO, kalata yoitanitsira katundu, ikuuzani zomwe kampani inaitanitsa ndi mtengo wake. GRN ya kusitolo, pepala lolandirira katundu, ikuuzani zomwe zinalowadi. Invoisi ikuuzani zomwe wogulitsa akufuna kulipidwa. Ngati LPO ikuti matumba 200 a simenti, GRN ikuti 180, invoisi ikuti 200, fayiloyo iime kaye mpaka matumba 20 otsalawo afike kapena wogulitsa atumize credit note, pepala lochotsera mtengo wa otsalawo pa invoisi. Akakuuzani kuti "otsalawo abwera mawa, ingolipirani", dziwani kuti ndalama ikatuluka palibenso amene adzakumbuke matumbawo.

Makotesheni atatu aja, mitengo yochokera kwa ogulitsa atatu osiyana musanagule katundu, muziwawerenga, osangowawerengera kuti akwana atatu. Ikani onse pa desiki moyandikana. Yang'anani nambala ya foni, bokosi la ku positi, kalembedwe ka manja, ngakhale mawu olakwika sipelo. Mukapeza kuti mawu omwewo alakwitsidwa chimodzimodzi pa makotesheni awiri, ndiye kuti analemba ndi munthu mmodzi, ndipo awiriwo anangobwera kudzaperekeza wachitatu. Onaninso ngati pa invoisi pali TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, komanso ngati amene akukulipiritsani VAT analembetsadi za VAT ku MRA, chifukwa popanda risiti yovomerezeka kampani yanu siingabwezeredwe msonkhowo.

China chomwe chimazembera ongoyamba kumene ndi kudula oda. Ngati malamulo a kampani akuti chilichonse choposa K2 miliyoni asaine ndi bwana wamkulu, mudzaona ma LPO awiri a K1.9 miliyoni, wogulitsa mmodzi, katundu wofanana, masiku otsatizana. Aphatikizeni n'kuwakweza pamwamba.

Mukalipira, dindani PAID pa pepala lililonse la mu fayiloyo, osati pa vocha yokha, kuti invoisi yomweyo isadzabwerenso pakatha miyezi itatu. Ndipo ikabwera imelo yoti wogulitsa wasintha akaunti ya kubanki, imbani nambala yomwe ili mu fayilo yakale, osati yomwe ili pa imeloyo.

Mayi_a_Payroll

Ndiwonjezere za kumalipiro, chifukwa kumeneko ndi kumene kampani zazing'ono zimagwera popanda wina kudzimva kuti waba.

PAYE, msonkho womwe mwadula pa malipiro, iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. VAT ndi pa 25. Penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo zonsezo zipite kwa osunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Palinso levi ya TEVET, ya maphunziro a ntchito zamanja, 1 peresenti ya malipiro a antchito. Lembani masiku amenewa pa khoma.

Chimachitika n'chakuti mwezi wina makasitomala achedwa kulipira, lole ya malata ikudikira, abwana akuti "ya penshoni ija tigwiritseko kaye, tibweza mwezi wamawa". Ndalama imeneyo si ya kampani. Inadulidwa pa malipiro a mlonda ndi dalaivala, ndipo pa payslip yawo palembedwa kuti inapita. Mwezi umodzi umabala wachiwiri, chilango n'kumakwera, ndipo mwini wake adzazindikira tsiku lopuma ntchito. Inu simungalamule abwana, koma mungathe kuwapatsa pepala limodzi mwezi uliwonse: zodulidwa ndi izi, zotumizidwa ndi izi, ngongole ndi iyi, chilango chake ndi ichi. Ambiri akaona nambala yachinayiyo amasintha maganizo.

Petty cash, ndalama za mu bokosi zogulira tinthu ting'onoting'ono, ikhale ya mlingo umodzi. Ngati ndi K200,000, nthawi iliyonse ndalama za mu bokosi kuphatikiza mavocha osainidwa zikwane K200,000. Timapepala ta "ndabwerekako, ndibweza Lachisanu" si vocha. Ndipo kawiri pa chaka, yerekezani maina a pa payroll ndi anthu enieni ali ndi ziphaso zawo m'manja. Maina awiri olandirira pa akaunti imodzi ya kubanki afunsidwe.

Odita_Wakale

Zonsezi n'zoona, koma musamupatse mnyamatayu chithunzi chakuti mapepala akakwana ndiye kuti zinthu zili bwino. Pa Cashgate ya mu 2013 macheke ankatuluka mu IFMIS, makompyuta a boma oyendetsera ndalama, ku Capital Hill kupita ku makampani omwe sanaperekeko katundu aliyense, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa mu kompyuta. Mpaka anachita kubwera maodita a kampani ya Baker Tilly kudzafukula.  Choncho pasiwedi yanu musapatse munthu, ngakhale mukupita kumaliro. Chilichonse cholowa pa dzina lanu mudzayankha ndinu.

Komanso munthu mmodzi asamapemphe, kuvomereza, kulipira, n'kuyanjanitsanso mabuku ndi sitetimenti ya kubanki. Pa kampani ya anthu khumi n'zovuta, inde. Njira yake ndi yakuti mwini kampani aziyamba waona sitetimenti asanakupatseni, ndipo azisaina bank reconciliation, pepala loyanjanitsira mabuku ndi sitetimentiyo, mwezi uliwonse. Zimatetezanso inuyo.

Tsopano tsiku lomwe adzakuuzeni kuti musaine chinthu chokhota. Musayambe ndi mawu akuti katangale. Munthu akamva mawu amenewo khutu limatseka. Funsani ngati wofuna kuthandizidwa: "Bwana, GRN yake sindikuipeza, ndiike chiyani mu fayilo a odita akadzafunsa?" Akakakamira, pemphani kuti alembe, ngakhale pa imelo ya mizere iwiri. Zambiri zimafera pamenepo. Zikapitirira, lembani mu kabuku kanu tsiku, nambala ya vocha, ndi zomwe zinanenedwa, kenako kwezani nkhaniyo kwa wamkulu wa zachuma kapena eni kampani. Mungathenso kufunsa uphungu ku ICAM, bungwe la ma akauntanti. Ngati ndi ziphuphu zenizeni, kuli ACB, ndipo Corrupt Practices Act imakhudzanso makampani omwe si aboma, ambiri sadziwa zimenezi. Chomwe simuyenera kuchita ndi kujambula mapepala a kampani n'kuponya pa gulu la WhatsApp la anzanu a kusukulu. Pamenepo mwaphwanya mfundo yachinayi ija yosunga chinsinsi, ndipo mlandu watembenukira inu.

Za "ya Fanta": kalendala kapena dayale ya kumapeto kwa chaka landirani poyera, abwana adziwe. Envelopu, mayunitsi, kapena ndalama ya pa Airtel Money kuchokera kwa munthu amene invoisi yake ili pa desiki panu, bwezani tsiku lomwelo. Mudzamva anzanu akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Wogulitsa amene wakupatsani K50,000 lero adzabweretsa invoisi yopanda GRN mwezi wamawa, ndipo pakamwa padzakhala polemera.

Yesetsaninso kusunga ndalama zokwana kukhalira miyezi itatu. Munthu amene ali ndi ngongole ya katapila savuta kumusainitsa.

Wangovula_Gauni

Zikomo kwambiri nonse. Nanga zitachitika kuti mmodzi mwa ogulitsa katundu ku kampaniyo ndi wachibale, monga amalume?

Wa_Maleja

Nenani sabata yoyamba, polemba kalata, musanakhudze fayilo yawo. Amalumewo akhoza kupitiriza kugulitsa, palibe choletsa, koma inu musakhale nawo posankha makotesheni, musakonze vocha yawo, ndipo musawauze mitengo ya anzawo ngakhale pa mwambo wa kumudzi. Kalatayo abwana asainepo, kope limodzi mu fayilo yanu ya ntchito, lina musunge kunyumba.