Ndingadziwe bwanji kuti seva yagwa abwana asanandiimbire foni?

Kamnyamata_ka_Mawaya walemba:

Moni nonse achimwene ndi achemwali a pano. Ndimayang'anira makompyuta pa kabungwe kena kosunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Zomba. Tili ndi ofesi yaikulu m'tauni muno, nthambi ina ku Liwonde, ina ku Balaka. Wa IT ndine ndekha, kuyambira kukonza printer mpaka kukwera padenga kukawongola mlongoti.

Chomwe chanditopetsa n'choti chinthu chikawonongeka, womaliza kudziwa ndimakhala ine. Mwezi wathawu diski ya seva inadzaza usiku, database inasiya kulandira chilichonse, ndipo amene anandiuza ndi mayi wa pa kauntala, mzere wa mamembala utafika kale pakhonde. Tsiku lina nthambi ya ku Balaka inakhala m'mawa wonse yopanda netiweki. Iwo ankaganiza kuti ndikudziwa ndipo ndikukonza, pomwe ine ndinali phee pa desiki kumwa tiyi ndi mandasi.

Zomwe ndili nazo ndi izi: router ya MikroTik pa ofesi iliyonse, ma switch atatu, seva imodzi ya Ubuntu yokhala ndi database ya PostgreSQL, kompyuta yakale yomwe ndimaponyamo ma backup usiku, ma UPS awiri (mabatire ogwirizira makina magetsi akathima), ndi webusayiti yomwe imasungidwa kunja. Ndalama zogulira pulogalamu yolipira palibe. Nditatchula nkhaniyi kwa a akawuntanti anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupitiriza zomwe amalemba.

Ndamvapo za mapulogalamu oyang'anira makina monga Nagios, Zabbix ndi Prometheus, koma ndikawerenga mutu ukungozungulira. Ndiyambire pati? Nanga pa zipangizo zochepa ngati zangazi, chofunika kuchiyang'anira kwenikweni n'chiyani?

Mdala_wa_ku_Kawale wayankha:

Mphwanga, musanasankhe dzina la pulogalamu, ganizirani komwe mudzaiike. Ambiri amaiika pa seva yomwe akufuna kuiyang'anirayo, poti ndi yomwe ili ndi mphamvu. Kumeneko n'kugoneka mlonda pabedi limodzi ndi mwininyumba: tulo likabwera ligwira onse awiri. Seva ikazima, wokuuzani kuti yazima nayenso wazima, ndipo inu mukaona foni ili zii mudzaganiza kuti zonse zili bwino.

Pezani kamakina kapadera. Laputopu yakale ndi yabwino kwambiri chifukwa ili ndi batire lakelake, magetsi akathima imatsala maso kwa kanthawi n'kukhala ndi mpata wokuuzani. Muikemo Uptime Kuma. Ndi yaulere, imayenda pa Docker, mumaitsegula pa port 3001, ndipo madzulo amodzi mukhala mutamaliza. Imatha kuchita ping (kugogoda kuti ione ngati makina akuyankha) ku ma router anu, kufunsa port 5432 ngati PostgreSQL ikuyankha, komanso kutsegula webusayiti n'kufufuza mawu amene mwaiuza kuti azipezeka patsambalo. Chomalizachi musachipeputse. Seva ikhoza kuyankha ping bwinobwino pomwe pulogalamu ya pa kauntala inafa kalekale. Mayi uja alibe nazo ntchito za ping, chomwe akufuna n'choti tsamba lolowera litseguke. Ndiye yang'anirani tsamba lomwelo.

Kenako mlondayo naye akufunika womuyang'anira, ndipo ameneyo akhale kunja kwa ofesi yanu, kunja kwa magetsi anu ndi intaneti yanu. Ine ndimagwiritsa ntchito Healthchecks.io, yomwe ili ndi gawo laulere. Kachitidwe kake n'kotembenuza: siyo imakufunsani, inu ndi amene mumaiuza pa nthawi yomwe mwagwirizana kuti ndilipo. Laputopu ija izitumiza kamzere ka curl (lamulo lotumizira uthenga pa intaneti) mphindi 5 zilizonse kudzera mu cron, yomwe imayendetsa malamulo pa nthawi yoikika. Ikangosiya kutumiza, kaya ndi magetsi, kaya ndi intaneti, kaya wina wazula waya kuti atchaje foni, uthenga ukupezani kuchokera kunjako.

Njira yomweyo ndi imene mugwirire backup. Musakhulupirire kuti poti munalemba cron ndiye kuti ikuyenda. Pambuyo pa pg_dump, lamulo lotengera backup ya PostgreSQL, ikani && kenako curl, kuti uthenga woti zatheka uzipita pokhapokha pg_dump itatha bwino. Onjezani kamzere koona kukula kwa fayilo. Ndinaonapo malo ena pomwe backup inkatuluka usiku uliwonse mokhulupirika, dzina lake lolondola, deti lolondola, koma m'kati mulibe kanthu, chifukwa wina anasintha mawu achinsinsi a database osauza aliyense. Anazindikira tsiku lomwe ankaifuna.

Za diski yanu ija, chenjezo lizibwera ikafika 80%, lachiwiri pa 90%. Ndipo musamangodalira df -h yoonetsa malo otsala, muziyang'ananso df -i yoonetsa ma inode, timalo tosungamo mbiri ya fayilo iliyonse. Timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri tikhoza kumaliza ma inode malo akuoneka kuti alipo, seva n'kumakana kulemba inu mukudabwa. Muikenso smartmontools kuti muziona thanzi la diskiyo. Nambala ya Reallocated_Sector_Ct kapena Current_Pending_Sector, yowerenga timagawo toonongeka ta diski, ikayamba kukwera, pitani kwa a akawuntanti aja ndi pepala m'manja, diski isanafe.

Nachisale_wa_ma_Switch wayankha:

A Mdala anena zoona pa nkhani ya mlonda wakunja, pamenepo sinditsutsa. Koma Uptime Kuma yokha sikukwanirani achimwene. Imakuuzani kuti chinthu chili moyo kapena chafa, pomwe mavuto ambiri a nthambi ngati zanuzo si imfa ayi, ndi kudwala. Netiweki ya ku Balaka ikhoza kukhala ikuyankha ping koma ikutaya mapaketi, pulogalamu n'kumangozungulira, anthu n'kumati makompyuta achedwa lero. Pamenepo pamafunika ma graph.

MikroTik yanu imayankhula kale SNMP, njira yomwe zipangizo za netiweki zimafotokozera mmene zikuyendera, ingoyatsani. Ma switch nawonso, ngati ali a mtundu wotha kuwalowa n'kusintha zinthu. SNMP imadutsa pa UDP port 161. Chonde musasiye community, yomwe ili ngati mawu achinsinsi a SNMP, ili public monga imabwerera, ndipo muuze router kuti iziyankha IP ya makina oyang'anira okha. Chipangizo chikalola SNMPv3 gwiritsani imeneyo, poti v2c imatumiza community yanu poyera. Mukatero ikani LibreNMS kapena Zabbix. LibreNMS mukaipatsa IP imadzifufuzira yokha ma port onse n'kuyamba kujambula. Zabbix imafuna kuleza mtima sabata yoyamba, koma imagwira ma router ndi seva pamodzi, ndipo ma template a MikroTik, a Linux ndi a PostgreSQL amabwera okonzakonza.

Phindu la graph mudzaliona tsiku lokangana ndi okupatsani intaneti. Mukaimba n'kunena kuti netiweki ikuvuta, adzakuuzani kuti kwa iwo zonse zili bwino, muzimitse router n'kuyatsanso. Mukawatumizira chithunzi choonetsa kuti tsiku lililonse kuyambira 2 koloko masana mapaketi amayamba kutayika, mawu amasintha. Ndipo nthawi zina graph yomweyo imakuonetsani kuti vuto ndi lanu: ma error a CRC akukwera pa port imodzi yokha, mukakwera kudenga mupeza makoswe adya waya. Kapena mupeza kuti kompyuta imodzi ya ku nthambi ikukoka mafilimu nthawi ya ntchito.

China, wina pano akuuzani kuti mugule Raspberry Pi. Ndi kamakina kabwino, koma ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno SD card imawonongeka msanga, makamaka ikamalembedwa mosalekeza ngati mmene database ya Zabbix imachitira. Komanso Pi 4 ilibe wotchi ya batire, ikayaka popanda intaneti nthawi yake imakhala yabodza, ma log n'kusokonekera. Laputopu yomwe anena a Mdala ndiyo yabwino, mungoikamo SSD. Ndipo zipangizo zonse zizitenga nthawi pa seva imodzi ya NTP, yomwe imagwirizanitsa mawotchi. Kufufuza chomwe chinayamba kugwa pomwe wotchi ya router ndi ya seva zikusiyana ndi mphindi 7 ndi ntchito yodwalitsa mutu.

Kamnyamata_ka_Mawaya wayankha:

Zikomo kwambiri a Mdala ndi achemwali. Laputopu ilipo, ya a manijala akale, sikirini yake ndi yosweka koma imayaka. Ndayang'ana df -i pompano, pali bwino, koma smartctl ya mu smartmontools ija yandionetsa ma pending sector pa diski ya kompyuta ya backup, ndiye mawa ndikukagogoda ku akawunti.

Funso lina. Ndimafuna mauthenga azibwera pa Telegram poti ndaona kuti Uptime Kuma imatha kutero. Koma intaneti ya ofesi ikagwa, uthengawo utuluka bwanji? Ndamva kuti wakunja uja andiuza kuti ofesi yakhala chete, koma sandiuza chifukwa chake. Ndikakhala kunyumba usiku ndikufuna kudziwa ngati ndi magetsi chabe kapena ndiyenera kudzuka n'kukwera kabaza.

Wa_ku_Joni_77 wayankha:

Aise, funso limeneli ndi lomwe tinalimbana nalo kuno ku Johannesburg mu 2023, pomwe magetsi ankathima kangapo patsiku. Yankho lake ndi SMS. Pezani ka modem ka USB, kaja tinkagwiritsa ntchito pa intaneti kale, muikemo SIM card n'kukalumikiza ku laputopuyo. Gammu imatumiza SMS kuchokera pa Linux, ndipo Zabbix payokha imatha kutumiza kudzera pa GSM modem. SMS siifuna bandulo, siidutsa pa router yanu, imangofuna kuti nsanja ya foni ikhale moyo. Chenjezo langa n'loti SIM yoiwalika imatha mayunitsi kapena kutsekedwa. Ikonzeni kuti Lolemba lililonse m'mawa izikutumizirani kauthenga koyesa. Lolemba likadutsa foni osalira, mwadziwa kuti pakamwa pa mlonda patsekeka.

Kuti mudziwe ngati ndi magetsi, funsani UPS. Ngati ili ndi port ya USB, ikani NUT, dzina lonse ndi Network UPS Tools. Mukalemba upsc ikuonetsani ups.status: OL ndiye kuti magetsi alipo, OB ikuyendera batire, LB batire latsala pang'ono kutha. OB yokha isakudzutseni, imeneyo ingolembedwa. Koma LB ikafika, NUT izizimitsa seva mwaulemu database isanadulidwe pakati pa kulemba. Muzionanso battery.runtime ngati UPS yanu imaionetsa. Mabatire a UPS amafooka mwakachetechete, kunja nyali yobiriwira ili ngwee, tsiku lothima magetsi n'kungogwira mphindi ziwiri.

Tsopano chomwe chimapha ntchito yonseyi si pulogalamu, ndi phokoso. Sabata yoyamba mudzasangalala, mudzaika chenjezo pa chilichonse. Foni izidzalira usiku wonse chifukwa ping imodzi yaphonya, ndipo pofika mwezi wamawa mudzakhala mutaitseka mawu. Tsiku lomwe database idzagwedi, uthenga wake udzakhala pakati pa ena makumi asanu omwe simunawerenge. Choncho ikani retries pa 3, kuti chinthu chilephere katatu motsatizana chisanakuvutitseni. Ndipo phunzitsani pulogalamuyo kuti chili kuseri kwa chinzake n'chiti. Router ya ku Liwonde ikagwa, switch ndi makompyuta a kumeneko nawonso aoneka ngati agwa, koma uthenga ukhale umodzi. Mu Nagios amati parents, mu Zabbix ndi trigger dependencies. Lamulo langa ndi ili: SMS ya usiku ikhale ya chinthu chomwe ndingadzukire n'kuchikonza. Zotsala zonse zindidikire pa Telegram mpaka m'mawa.

Prometheus isiyeni kaye. Inapangidwa ku SoundCloud mu 2012 ndi anthu omwe anali ndi ma service ambirimbiri osinthasintha, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino zedi, ine ndimaigwiritsa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi Grafana. Koma pa ma router atatu ndi seva imodzi mudzataya nthawi kulumikiza node_exporter, snmp_exporter ndi Alertmanager, pomwe Zabbix ili nazo zonse m'phukusi limodzi.

Musaiwale satifiketi ya webusayiti. Ngati ndi ya Let's Encrypt imatha pakadutsa masiku 90, ndipo kudzikonzanso kwake kukalephera palibe amene amakuuzani mpaka mamembala ayambe kuona chenjezo lofiira. Uptime Kuma ili ndi kabokosi kongochonga kuti izikuchenjezani masiku akamatha.

Mdala_wa_ku_Kawale wayankhanso:

A Nachisale, za ma graph ndavomera, koma ndikuopa kuti mnyamatayu timusenzetsa katundu wambiri tsiku limodzi. Ali yekha, ndipo printer siisiya kuvuta chifukwa iye akuphunzira Zabbix. Sabata ino aike Uptime Kuma, wakunja uja ndi cheke cha backup, agone nazo kaye. SNMP ibwere mwezi wamawa akaona kuti mauthenga omwe akulandira ndi oona.

Mphwanga, mukamaliza kuika, muyese dala. Loweruka masana ofesi itatsekedwa, zulani waya wa router muwerenge mphindi zomwe zipite foni isanalire. Imitsani PostgreSQL muone ngati uthenga ufike. Zulani UPS kukhoma. Ndipo pa mndandanda wa olandira SMS muikepo munthu wachiwiri, ngakhale a manijala a nthambi, ndi kapepala kowauza choyamba kuchita pa uthenga uliwonse, chifukwa tsiku lina mudzakhala kumaliro kumudzi komwe foni siigwira. UPS yanuyo ndi ya mtundu wanji? Si onse amene NUT imawadziwa, tiuzeni tione ngati driver yake ilipo musanagule waya wa USB.