Foni ya kasitomala yabedwa, Find My Device (yofufuzira foni ya Google, pano ikutchedwa Find Hub) ikufuna code

Tcheya wa pa Limbe: Anzanga thandizani msanga. Mayi wina amubera Tecno Spark m'minibasi m'mawa uno, ali pompano pa benchi panga. Ndatsegula android.com/find pa laputopu, Gmail ndi password akukumbukira bwinobwino, koma 2-step (chitetezo chachiwiri cha Google) ikutumiza code ku SIM yomwe yapita ndi foniyo. Ma backup code (ma code osungiratu) alibe. Ndilowa bwanji?

Madala Zomba: Musadzivutitse achimwene. IMEI basi, nambala yapadera ya foniyo. Ili pa katoni, apite nayo kupolisi.

Sisi wa Software: Athamange kaye ku shopu ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso cha unzika akabwezeretse nambala. Code ibwera pa SIM yatsopanoyo, komanso ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zitetezeka. Koma musawalonjeze zambiri mayiwo. Ngati wakubayo wazimitsa foni, kapena Location inali yotseka, mwina mungoona pomwe inaonekera komaliza, mwinanso osaona kanthu.

Kabaza Tech: Ikanakhala iPhone, icloud.com/find imalowetsa popanda code. Koma pa Tecno yanuyo, mukalowa dinani pokiyira foni (Secure device kapena Mark as lost), mulembe nambala ya m'bale wawo pa skirini. Erase musayikhudze, mukapukuta simudzaionanso pa mapu.

Madala Zomba: Zonsezo n'zabwino, koma mbava imangochita flash, kufufuta zonse za mu foni. IMEI sichoka ndi reset. Kupolisi.

Bambo a Junior: Chaka chatha kadontho ka pa mapu kanationetsa ku Ndirande. Tinanyamuka ndi kasitomala, kufika pamalopo nyumba za lendi zothithikana, bwalo la buluu la pa mapu lija laphimba zonse. Iye n'kuyamba kuloza mnyamata wina. Anthu anatizungulira, tinapulumukira pa njinga yamoto. Mayiwo asapite okha, ngakhale inuyo musapite.

Sisi wa Software: Ndipo ma website aja oti lembani nambala tikuuzeni komwe foni ili, ndi akuba enanso. Amangofuna ndalama ndi password. Komanso onetsetsani kuti foniyo ndi yawodi. Kuno amabwera azibambo ati yabedwa, pomwe akufuna kulondola akazi awo. Ine popanda katoni kapena lisiti sindigwira.

Madala Zomba: Katoni yomweyo ndi imene ili ndi IMEI. Ndanena kale.

Kabaza Tech: A Madala, tamva. Paja ndani ali ndi skirini ya Spark 10 ku Blantyre kuno? Ya ku Lilongwe ikuchedwa.

Bambo a Junior: Ndili nayo imodzi, koma si original. Ndiimbireni madzulo.