Allion yanga ikumafooka pa chitunda ikatentha: ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Chelstone

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za magalimoto. Ndili ndi Toyota Allion ya 2006, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi giya yodzisintha yokha. M'mawa imalira bwino, ndipo m'tauni muno mu Lusaka, kuchokera ku Chelstone kukafika ku Kamwala, sindiona vuto lililonse. Koma mwezi watha popita ku Chipata, titangodutsa Chongwe, inayamba kufooka: ndikaponda mafuta kuti ndipitirire lole, inkachita ngati yatsamwa, kenako n'kuyambanso kukoka. Pa zitunda za Manenekela zinafika poipa moti tinaima kawiri, koma tikapuma mphindi 20 inkanyamuka ngati palibe chachitika. Nyali ya injini inayaka ndipo sinazimebe. Makaniko wina anasintha mapulagi ndi sefa ya mpweya, koma Loweruka lapitali pa msewu wa Kafue zinachitikanso. Tsopano akuti ndigule giyabokosi ina. Kodi ndimvere zimenezi?

Dalaivala wa ku Kabwata

Aphunzitsi, musagule kaye. Ikayamba kufooka, yang'anani muvi woonetsa liwiro la injini. Ngati muviwo ukukwera, injini ikulira kwambiri koma galimoto sikuthamanga, ndiye kuti giyabokosi ikuterera. Ngati muviwo ukukana kukwera ngakhale mwaponda mpaka pansi, giyabokosi ilibe mlandu, vuto lili ku injini. Mutiuzenso kuchuluka kwa petulo amene anali m'thanki masiku awiriwo.

Mphunzitsi wa ku Chelstone

Zikomo achimwene. Muvi sukwera, umangogwedera pamalo amodzi. Za petulo ndivomere kulakwa kwanga: ndinazolowera kuthira pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri ndimayenda nyali ya mafuta itayaka.

Makaniko wa ku Matero

Bambo, mwatchula zinthu zitatu zimene zikuloza mbali imodzi: ikufooka ikamafuna mphamvu zambiri, ikufooka itayenda nthawi yaitali, ndipo ikapuma ikuchira. Ine ndingayambire ku pampu ya mafuta. Pa galimoto imeneyi pampuyo ili m'kati mwa thanki, pamodzi ndi sefa yake, ndipo timaifikira pochotsa mpando wakumbuyo. Chimene chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo, choncho thanki ikamakhala yopanda kanthu masiku onse pampu imatentha ndi kutha msanga, komanso kansalu kosefa kamene kali kunsi kwake kakatsekeka ndi zinyalala imavutika kukoka. M'tauni injini imafuna mafuta ochepa, n'chifukwa chake simuona kanthu. Pa chitunda, galimoto italemedwa ndi banja ndi katundu, pampu yotopa singakwanitse.

Komabe musagule pampu chifukwa choti ine ndanena. Poti nyali yayaka, kompyuta ya galimoto yasunga nambala ya vutolo, ndipo imawerengedwa polumikiza makina pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero. Makina ena otchipa amalephera kuwerenga magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan, ndiye wina akakuuzani kuti sakuona kanthu, pitani kwina. Ikatuluka P0171, ndiye kuti mpweya ukuchuluka kuposa mafuta. Ikatuluka P0301 mpaka P0304, silinda imodzi sikuyaka bwino, ndipo poti silinda iliyonse ili ndi koyilo yake yopereka moto ku pulagi, timangosinthanitsa makoyilo n'kuona ngati nambalayo yasamuka.

P0171 payokha siweruza pampu. Sensa ya MAF, imene imayeza mpweya wolowa ndipo ili pafupi ndi bokosi la sefa, ikadetsedwa ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala imanamiza kompyuta chimodzimodzi. Imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osakhudza kawaya kake ndi chala kapena nsalu. Paipi yong'ambika yolowetsa mpweya imachitanso zomwezo. Chimene chimathetsa mkangano ndi geji yoyezera mphamvu imene pampu ikukankhira mafuta: mphamvu ya mafuta pa injini imeneyi iyenera kukhala pakati pa 304 ndi 343 kPa. Awuzeni ayeze injini itatentha, osati m'mawa yokha, chifukwa pampu yodwala imanama ikazizira.

Mayi wa ku Chilenje

Amisiri alongosola bwino, koma ndikuona kuti aiwala ekisozi. Corolla yanga inkachita zofanana, ndipo tinasintha pampu pachabe. Chinatsekeka chinali catalytic converter, chipangizo cha mu ekisozi choyeretsa utsi, moti utsi unkasowa potulukira ndipo galimoto inkalephera kuthamanga ngakhale pa msewu wa Great North pamene pali posalala. Makaniko anamasula sensa ya okosijeni yakutsogolo kwa kanthawi kochepa kuti utsi upeze mpata, mphamvu n'kubwerera pomwepo, ndiye tinadziwa. Ndionjezere kuti nyali ya injini ikamathwanima m'malo mongoyaka, imani, chifukwa petulo wosapsa akulowa mu ekisozi ndipo ndi amene amasungunula chipangizocho.

Makaniko wa ku Matero

Mayi anena zoona, ndipo kuyesa kumeneko sikudya ndalama zambiri. Chondikayikitsa n'chakuti ekisozi yotsekeka kawirikawiri imafooketsa galimoto mosalekeza, pamene ya aphunzitsi ikutsamwa n'kumasuka. Ayeze zonse ziwiri tsiku limodzi, kuyambira ndi geji.

Mphunzitsi wa ku Chelstone

Ndabwera kudzapereka lipoti. Makina anatulutsa P0171 yokha. Titatsuka sensa ya MAF panalibe kusintha. Geji inaonetsa bwino injini ili yozizira, koma titazungulira mpaka ku Chongwe n'kuyezanso, muvi unkagwa kwambiri nthawi iliyonse makaniko akaponda mafuta. Atatulutsa pampu, kansalu kake kanali kakuda bii, ndipo pansi pa thanki panali dothi. Tatsuka thanki, taika pampu ndi sefa zatsopano, ndipo dzulo ndakwera zitunda za Munali ndi anthu anayi popanda kutsamwa. Mayi, ekisozi tinaiyesanso ndipo ili bwino. Nambala ija anaifufuta, ndipo makaniko wati ndiyende sabata imodzi, nyali ikayakanso ndibwerere kuti akaone mapaipi a mpweya.