Ndikupempha thandizo pa kakonzedwe ka panna cotta ya kokonati ndi madzi a rozi

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa kukonza panna cotta, chakudya chotsekemera chodyedwa chozizira cha ku Italy, chomwe chimatchuka kwambiri m'chigawo cha Piemonte. Ndayesa kawiri kuikonza ndi mkaka wa kokonati, koma sizikundiyendera.

Ndimasakaniza mamililita 250 a kirimu ndi 250 a mkaka wa kokonati wa m'chitini, ndimathira shuga masupuni atatu, ndipo ndikatenthetsa pamoto wochepa osalola kuti ziwire, ndimasungunuliramo magalamu 7 a jelatini amene ndimayamba ndawaviika m'madzi ozizira. Ikagona mufiriji usiku wonse imalimba ndithu, koma imagawikana pawiri: mafuta oyera amayandama pamwamba, pansi n'kutsala zotuwa zosakoma m'maso. Kodi ndiyenera kumatakasa mpaka zitazizira ndisanathire m'makapu, kapena vuto lili pa mkakawo?

Madzi a rozi nawonso andisautsa. Nditathira kasupuni kamodzi zidakali pamoto fungo lake linazimiririka, koma ulendo wachiwiri nditathira tiwiri zitazizira, zinamveka ngati sopo m'kamwa. Kodi muyezo woyenera ndi wotani, nanga madzi a maluwa a lalanje sangagwirizane bwino ndi kokonati? Ndikufunitsitsa kuwakonzera amayi anga Loweruka likubwerali, chifukwa amakonda kwambiri kokonati.