Ndagula foni, ndipo kontilakiti ndaisiya

Masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati kuli bwino kulowa kontilakiti ya foni yolipira mwezi ndi mwezi kwa miyezi 24 kapena kugula foni ndi ndalama zanga n'kumathira mayunitsi, popeza ntchito yanga yopenta nyumba kuno ku Johannesburg imadalira WhatsApp, ndipo madzulo ndimaimbira mayi ku Balaka. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene a ku Rosettenville amene anandichenjeza za mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito.

Kontilakiti sindinalowe, chifukwa nyengo ya mvula maganyu amachepa pamene ngongole ya mwezi ndi mwezi sidikira munthu. Chenjezo lija linandipulumutsa. Pashopu ina m'tauni anandionetsa foni yooneka bwino pamtengo wotsika, koma nditaimba *#06#, nambala ya IMEI (nambala yapadera yozindikirira foni iliyonse) imene inatuluka inasiyana ndi imene inali pabokosi, ndipo ndinaibweza pomwepo. Pamapeto pake ndinagula Samsung yatsopano yolowa ma SIM awiri, ndi lisiti lake.

Polembetsa SIM motsatira RICA, lamulo la kuno ku South Africa lolembetsera ma SIM, anafuna pasipoti ndi umboni wa kumene ndimakhala, choncho pitani mutatenga kale kalata yochokera kwa eni nyumba.

Musanasankhe netiweki pakati pa Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C, bwerekani foni ya mnzanu muyesere m'chipinda chimene mumagona, chifukwa kwanga netiweki imodzi inkagwira pokhapokha nditaima pawindo. Mabandulo a usiku amakopa ndi kuchuluka kwa data, koma ine nthawi imeneyo ndimakhala ndili mtulo, motero ndimagula bandulo ya mwezi yogwira tsiku lonse.