Thandizeni a gulu: bandulo pa tabuleti ya amayi ikutha ngati madzi a m'dengu

Moni nonse a gulu. Ndine mayi wa kuno ku Kasungu, ndimakhala pa boma. Pepani ndilemba zambiri, ndikufuna mumve nkhani yonse musanandiyankhe.

Amayi anga ondibereka amakhala kumudzi, mbali ya ku Chamama. Chaka chatha anadwala sitiroko, moti dzanja ndi mwendo wa kumanzere sizigwiranso bwino. Munthu amene ankalawira kudimba tambala woyamba atangolira, pano amangokhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Atatuluka m'chipatala anakhala kwathu miyezi itatu, ndipo m'pamene ndinaona kuti kanema amawatsitsimutsa mtima. Nkhani za madzulo sankaphonya, mapemphero, makwaya, masewero a Chichewa. Mafilimu a ku Nigeria chizungu chake samva chonse, koma amatsata bwinobwino mpaka kumakalipira apongozi ankhanza pa sikirini pomwepo. Tsiku lina ndinawamva akuseka mokweza, koyamba chidwalireni. Ndinathawira kukhitchini kukalira.

Koma m'tauni anakana kukhalitsa. Akuti nkhuku zawo, anzawo a kumpingo, ndiponso sangasiye nyumba imene anamanga ndi malemu abambo. Tinawaperekeza. Kumudziko magetsi kulibe, kuli kasola ka mababu atatu ndi potchajira foni, TV sikangakoke. Ndiye mlongo wanga amene ali ku Johannesburg anatumiza tabuleti ya Android. Itafika tinapeza kuti ilibe polowetsa SIM, ndiye ndinagula MiFi, kachipangizo kolowetsamo SIM kopereka Wi-Fi.

Vuto layambira pamenepo. Ndinaika bandulo ya 10GB pa 1, pofika pa 4 yatha. Ndinaonjezera 5GB, masiku awiri yatha. Mdzukulu wawo amene amakhala nawo, mnyamata wa Fomu 2, akulumbira kuti agogo amaonera maola awiri okha madzulo, pa YouTube ndi pa Facebook basi. Komanso nthawi zambiri chithunzi chimaima, kamkombero kaja n'kumangozungulira pakati, amayi n'kumadikira.

Sabata yatha ndinapeza tabuleti ija ataikulunga m'chitenje, ataiika pansi pa zovala m'sutikesi. Anati, "Mwana wanga, uli ndi ana a sukulu. Chinthu chodya ndalama chonchi chibweze kwa mwini wake." Mawu amenewa akundipweteka mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti amaikonda.

Ndiye ndithandizeni. Chikudya bandulo n'chiyani? Pali njira yoti 10GB ifike mwezi? Ndipo pali mnyamata wina pa WhatsApp akuti andigulitsa pasiwedi ya Netflix motchipa, andiikirenso app ina yoonetsa matchanelo onse ulere. Ndimupatse ndalama?

Wokonza mafoni, Kasungu boma:
Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Vuto lanuli ndimakumana nalo pa benchi yanga pafupipafupi. Tabuleti ikalumikizidwa ku MiFi imaona ngati ili pa Wi-Fi ya muofesi yopanda malire. Siidziwa kuti kuseri kwake kuli bandulo yogula ndi thukuta. Ndiye zonse zimene zinatcheredwa kuti zizichitika pa Wi-Fi pokha zimayamba zokha: Play Store kukonzanso ma app onse, Android kudzikokera zatsopano, Google Photos kutumiza zithunzi ndi mavidiyo. Tabuleti ikakhala yatsopano kapena yakhalitsa m'katoni, zokoka zimakhala zambiri zedi, ndipo zimachitika ngakhale sikirini ili yozima, bola MiFi ikuyaka.

Chitani chonchi. Mu Settings pitani pa Wi-Fi, dinani dzina la MiFi yanuyo, mufufuze mawu oti metered, muyatse. Apo mwaiuza tabuleti kuti intaneti iyi ndi yowerengera. Kenako mu Play Store, pa Auto-update apps, musankhe kuti isamachite yokha. Mu YouTube muli Video quality preferences, ndipo muli mbali ziwiri, ya mobile ndi ya Wi-Fi. Ambiri amakonza ya mobile n'kuiwala inayo, pomwe inu yanu ndi ya Wi-Fi. Ikani Data saver. Pa 360p ola lathunthu silifika theka la GB, koma pa 720p limatha kudya 1GB kapena kupitirira, ndipo pa sikirini yaing'ono ngati imeneyo mayi sangaone kusiyana kwenikweni. Kamkombero kozungulira kaja kachepanso, poti chithunzi chopepuka sichifuna netiweki yamphamvu.

Chomaliza, zimitsani Autoplay. Gogo akagona filimu ili mkati, YouTube imangopitiriza ina pambuyo pa inzake kwa maola angapo.

Bambo wa ku Santhe:
Mukudzivutitsiranji mayi? Gulani memore khadi, pitani kwa anyamata obena pamsika akudzazireni mafilimu omasulira m'Chichewa. Bandulo ziro.

Mwini funso:
Zikomo bambo, ndinayesa zimenezo. Theka la zimene anandiikira zinali zankhondo ndi zomenyana, ndipo omasulira ena pakamwa pawo si poti amayi n'kumvera ali ndi adzukulu. Komanso chimene amayi amafuna kwambiri ndi za lero. Akufuna aone nkhani, adziwe mitengo ya fodya ku Chinkhoma ngakhale salimanso, aone mapemphero nthawi yomwe anzawo akupemphera. Akuti akatero amamva ngati akadali pakati pa anthu.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo, Mchinji:
Asisi, mnyamata wa pa WhatsApp uja musamupatse ngakhale tambala. Akaunti imodzi amagulitsa kwa anthu ambirimbiri, pakatha masiku pasiwedi yasintha, foni yake osaipezanso. Ine zinandichitikira. Ndipo chiyambire 2023 Netflix inakhwimitsa zobwerekana akaunti pakati pa anthu osakhala nyumba imodzi. Za app ya matchanelo aulere ndiye n'zoopsa kuposa. Siichokera mu Play Store, ndipo poiika imakupemphani chilolezo chowerenga mauthenga ndi manambala a anthu. App yoonetsa kanema ikufuna mauthenga anu achiyani? Zina zimatsegulanso zotsatsa zolaula mwadzidzidzi. Taganizani zitulukire pamaso pa mayi ndi mwana.

Netflix yeniyeni imagwira kuno ku Malawi chiyambire 2016, ndipo mafilimu a ku Nigeria alimo. Imafuna khadi ya kubanki monga Visa, ndiye kapena alongo anu a ku Joni ndi amene angamalipire mosavuta. Eni ake amanena kuti chithunzi chotsika chimadya pafupifupi 0.3GB pa ola, chapakati 0.7GB, pomwe HD imafika 3GB. Muwerengere nokha pa 10GB: maola oposa 30 mbali iyi, maola atatu ndi pang'ono mbali inayo. Ubwino wake wina ndi woti mutha kukoka filimu kuti muonere popanda intaneti. Mukapita kumudzi mubwere nayo tabuletiyo ku boma, mukoke ndi bandulo ya usiku ngati netiweki yanu ili nayo, muibweze itadzaza. Dziwani chabe kuti zokokazo zili ndi nthawi yake, zina zimatha pakadutsa maola 48 mutayamba kuonera.

Koma kunena zoona, pa zimene mwafotokozazi sindikuona kuti Netflix ndi yofunika msanga. Nkhani za kuno mulibemo. MBC, Times ndi Zodiak amaulutsa nkhani pa Facebook, makwaya ali mbwee pa YouTube. Yambani mwatseka pomwe pakudontha.

Mayi wa ku Nkhamenya:
Musapite kutali. Ndi mdzukuluyo. Agogo akagona iye amatenga n'kumaonera mpira ndi TikTok usiku wonse. Ana a masiku ano ndimawadziwa.

Mwini funso:
Mayi, mwina mukunena zoona, koma sindikufuna kumuweruza ndisanaone. Mwana ameneyu ndi wamasiye, ndi amene amatunga madzi, kuphika phala, kuwagwiriza agogo ake popita kubafa. Ngakhale atapezeka kuti amaonera, ndikufuna ndiyankhule naye bwino, asamve ngati wakuba m'nyumba imene akuisamalira.

Wokonza mafoni, Kasungu boma:
Palibe chifukwa chokanganirana, tabuleti imasunga umboni yokha. Mu Settings fufuzani Data usage, musankhe ya Wi-Fi. Ikuonetsani app iliyonse ndi kuchuluka kwa zimene yadya. Muonenso kuti mafoni angati alumikizidwa ku MiFi. Pasiwedi yake imakhala yolembedwa pa chomata, kawirikawiri mkati mochotsa batire, ndipo kumudzi ikangodziwika ndi mmodzi, achinyamata onse oyandikana amabwera kudzakhala kuseri kwa nyumba. Isintheni. Pa nkhani ya mwanayo, pali app ya Google yotchedwa Family Link yoikira malire a nthawi, koma ine ndingati mungogwirizana naye ola lake.

Mayi wosamalira odwala, Mtunthama:
Ine za intaneti sindidziwa zambiri, koma ndinasamalira apongozi anga a matenda omwewa zaka zinayi. Ndi dzanja limodzi sangagwire tabuleti nthawi yaitali, khosi ndi phewa zimawawa. Apezereni choimikira, ngakhale kalipentala akhoza kukhoma kathabwa kokhala ndi mpata, muziika pa tebulo molingana ndi maso awo. Zithunzi za ma app zikhale zitatu zokha pa sikirini, zikuluzikulu, kuti azitsegula okha osadikira mwana abwere kusukulu. Kudzichitira kanthu wekha kumamubwezera munthu ulemu. Ndipo wailesi musaitaye. Nkhani za m'mawa ndi masana azimvera pa wailesi, tabuleti ikhale ya madzulo.

Mnyamata wa ku Mkanda:
MiFi musamaiike pa tebulo pakati pa nyumba. Malata ndi zipupa zimatchinga. Ikhale pawindo loyang'ana komwe kuli nsanja ya netiweki, pamwamba. Ngati MiFi yanu imalola SIM iliyonse, yesani Airtel ndi TNM pamalo omwewo, chifukwa mudzi uliwonse uli ndi yake imene imakoka bwino.

Mwini funso:
A gulu, ndabwerako kumudzi dzulo. Ndinatsata zonse mmene munanenera, nditalemba papepala. Pa Data usage, pamwamba penipeni panali Play Store ndi zokonzanso Android, kenako YouTube. TikTok mulibemo n'komwe m'tabuletimo. Koma ku MiFi kunali mafoni anayi osawadziwa. Mdzukulu uja anagwetsa nkhope, anati anzake anamuumiriza ndipo ankaopa kundiuza. Tasintha pasiwedi, ndipo tagwirizana kuti Loweruka ndi Lamulungu ali ndi ola lake loonera zigoli za mpira.

MiFi taimangirira pawindo la kuchipinda ndi kansalu. Madzulo ndinatulutsa tabuleti m'sutikesi muja, ndinaitsamiritsa ku chitini cha shuga poti kathabwa sikanakhomedwe, ndinatsegula kwaya. Inayimba nyimbo zitatu osaima. Amayi anayamba kutsatira ndi mawu apansipansi, dzanja labwino lija likumenya pa bondo. Anandifunsa kawiri ngati sizikudya ndalama, ndinawaonetsa manambala ngakhale sawerenga bwino.

Mnyamata wa pa WhatsApp ndamukana. Tsopano vuto latsala ndi la moto. Kunja kukachita mitambo, kasola kaja sikakwanitsa mababu, foni, MiFi ndi tabuleti pamodzi, ndipo mvula ili pafupi. Amene mukudziwa, ndigule power bank yaikulu yoti ndizitchajira kuno ku boma, kapena ndisunge ndalama ndionjezere batire ya sola?