Galasi la Spitfire Mk IX lachita chifunga mkati nditalimata kale, ndichite chiyani?

Wamapiko48

Akuluakulu, ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa ntchito ya miyezi inayi yawonongeka usiku umodzi. Ndikumanga ndege yachitsanzo ya pulasitiki, Spitfire Mk IX ya 1/48 (yochepa ka 48 kuposa yeniyeni), ndipo ndikufuna ituluke ngati EN398, ija ya zilembo JE-J imene Johnnie Johnson ankayendetsa mu 1943 pamene ankatsogolera gulu la ndege zankhondo za ku Kenley, ku England. M'chipinda cha woyendetsa ndinaikamo zonse zimene manja anga angathe: makoma a resin (pulasitiki wolimba woumbidwa padera) amene ndinawapala mpaka kuwala kumadutsa kuti mbali ziwiri za thunthu zigwirane, bolodi la mawotchi la photo-etch (tizitsulo topyapyala tosemedwa kale), malamba a pampando a Sutton, ndiponso timawaya tamkuwa timene ndinasolola m'chingwe chakale cha wailesi.

Dzulo madzulo ndinamata gunsight (kachipangizo kolozera mfuti) ndi kadontho kamodzi ka super glue, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinatseka magalasi onse a chipindacho ndi guluu wamadzimadzi wa Extra Thin chifukwa ndinkafuna kuyamba kumata tepi yokonzekera kupenta lero. Ndadzuka m'mawa uno n'kupeza galasi lakutsogolo layera mkati ngati munthu wauzirapo mpweya, ndipo pa galasi lotsetsereka pakuoneka chidindo cha chala changa, mizere yake yonse yoyera mbee. Magalasiwo sindinawaviike m'polishi wapansi wowateteza ndisanawamate, ndikudziwa kuti pamenepo ndinalakwa, choncho musandikumbutse. Chimene ndikufuna ndi njira yochotsera chifungacho popanda kuswa galasi, popeza lina ndilibe ndipo kuitanitsa kunja ndi nkhani ya milungu yambiri.

Mphunzitsi Wopuma

Pepani kwambiri achimwene. Chimene chachitika n'chakuti super glue akamauma amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikakumana ndi chinyezi kapena mafuta a m'zala imasanduka ufa woyera umene umakakamira pamalopo. Apolisi ofufuza milandu amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyi poonetsa zidindo za zala pa zinthu zosalala, n'chifukwa chake chala chanu chatuluka bwino chonchi. Inu munatsekera nthunziyo m'kachipinda kopanda potulukira, komanso tili m'dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi chochuluka, kotero zonse zinakumana pamodzi.

Musanachite china chilichonse, chonde musayandikize acetone, mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo kapena thinner wa lacquer, ngakhale wina akuuzeni kuti zimasungunula super glue. Zimamusungunuladi, koma zimadyanso pulasitiki woonekera mkatiyo, ndipo akadyeka sabwereranso. Chotonthoza n'chakuti chifunga cha mtundu uwu chimakhala pamwamba chabe, sichilowa m'kati mwa pulasitiki, pokhapokha ngati Extra Thin naye anayenderera pagalasi. Tayang'anani ndi tochi kuchokera m'mbali, muone ngati kuyerako kuli ngati ufa kapena ngati pulasitiki wachita makwinya.

Mkulu wa ku Zomba

Ine funso langa ndi lina, mwana wanga. Munthu amene wapala resin mpaka kuwala kumadutsa, waika timawaya ndi malamba a Sutton, amatsekeranji galasi? Pa 1/48 pulasitiki wa galasi amakhala wokhuthala ndipo amapotoza chilichonse chimene chili kumbuyo kwake, moti ngakhale chifunga chikanapanda kubwera, theka la ntchito yanuyo silikanaoneka. Dulani galasi lotsetserekalo, mulibweze kumbuyo likhale lotsegula, ndipo mukatero mupeza mpata wolowetsa kathonje n'kupukuta lakutsogolo lili pamalo pake. Vuto limodzi lithetsa linzake.

Mayi wa Airbrush

Achimwene, ngati mwaganiza zochotsa galasi, mverani zimene zinandichitikira ine kuno ku Johannesburg ndi Hurricane yanga. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni pansi pa galasi lakutsogolo n'kukankha pang'ono ngati ndikutsegula chitini, ndipo ndinangomva kuti the, mng'alu wadutsa pakati penipeni pa galasi. Pulasitiki woonekera mkati sapindika ngati wotuwa uja, amangosweka, ndipo mng'alu wake sungabisike ndi penti kapena polishi. Ndinadikira milungu isanu ndi umodzi kuti lina lifike, ndipo litafika chidwi changa pa ndegeyo chinali chitazirala.

Choncho musakankhe. Matani tepi zigawo ziwiri pagalasi lonse kusiya mzere wolumikizira wokha, kenako mudutse pamzerepo ndi lezala latsopano mobwerezabwereza, mopepuka, mwina kokwana makumi awiri kapena atatu, mpaka lilekane lokha. Ndi bwino kudya pang'ono mbali ya thunthu kusiyana ndi mbali ya galasi, chifukwa thunthu mungalikonze ndi putty (phala lotsekera mipata). Likachoka, yambani ndi kathonje kouma, popeza nthawi zina ufawo umachoka wokha. Ukakana, pakani mankhwala otsukira mano oyera aja, osati a gel, n'kupukuta mozungulira ndi kansalu kofewa, kapena phala lopukutira la Tamiya compound ngati muli nalo. Mukatsuka ndi sopo, liviikeni m'polishi wapansi, mugunditse ngodya yake papepala kuti wotsala atsike, ndipo mulivundikire ndi kapu kwa masiku awiri kuti fumbi lisagwerepo. Pomatanso gwiritsani guluu woyera wa matabwa, amene amauma moonekera mkati ndipo satulutsa nthunzi.

Wamapiko48

Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndaunika ndi tochi ndipo zikuoneka ngati ufa, kupatula pa ngodya yakumanja ya galasi lakutsogolo pamene ndikukayika kuti guluu anayenderera pang'ono. Abambo a ku Zomba, ndamva mfundo yanu, koma ndinatseka dala chifukwa ndilibe kabati yagalasi, ndipo fumbi la kuno ku Lilongwe m'miyezi ya September ndi October limalowa paliponse. Ndege imene ndinaisiya yotsegula chaka chatha, m'chipinda mwake tsopano muli ngati m'nkhokwe, ndipo ndikalowetsa bulashi timalamba timathothoka. Komanso kachitseko ka kumanzere ndinakamata kotseka, ndinathira putty n'kupala kale.

Mkulu wa ku Zomba

Fumbi si chifukwa chobisira ntchito yabwino, mwana wanga. Bokosi la pulasitiki loonekera mkati la mtengo wochepa limakwana Spitfire ya 1/48, popeza mapiko ake sapitirira masentimita 24 kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Za kachitsekozo musadandaule, chifukwa zithunzi zambiri za nthawi ya nkhondo zimaonetsa ndege itaima pansi, galasi litabwezedwa kumbuyo koma kachitseko kali kotseka. Ndikubwereza kuti galasi lakutsogolo musalikhudze n'komwe ndi lezala. Ndi limene limavuta kukhazika bwino, ndipo mukalichotsa mudzapeza mpata pakati pa ilo ndi thunthu umene kale panalibe. Dulani lotsetsereka lokha basi.

Wa ku Leeds

Achimwene, mapiko munamata kale? Ndikufunsa chifukwa Spitfire inalibe pansi penipeni m'chipinda cha woyendetsa, mapazi ankakhala pa zopondera za chiwongolero chakumchira ndipo pansi pake pankaoneka mimba ya ndege. Pa makiti ambiri mimbayo imabwera pamodzi ndi phiko lapansi, kotero ngati silinamatidwe mungathe kudutsa cham'munsi ndi kathonje kokulunga pa waya wopinda n'kufika pagalasi. Ena amanyowetsa kathonjeko ndi sipiriti wa isopropyl, koma samalani kwambiri, chifukwa dontho limodzi likagwera pa penti ya acrylic ya m'chipindamo limaichotsa nthawi yomweyo, ndipo bolodi la photo-etch lopentedwa kale silikonzeka.

Ine ndinayesapo njira imeneyi pa Typhoon, ndipo chifunga chinachepadi, koma waya unakola gunsight n'kuithothola. Inagwera m'kati mwa thunthu, ndipo mpaka lero ndikainyamula ndegeyo ndimaimva ikugubuduka chakumchira. Ndinagwedeza kwa ola lathunthu nditaizondotsa koma sinatuluke. Ngati mungayese, dziwani kuti gunsight yanu ili panjira pomwe mukufuna kudutsa.

Wamapiko48

Mapiko ndinamata milungu iwiri yapitayo, ndipo mizere yolumikizira ndinaipala n'kujambulanso mizere ya mapanelo, choncho njira yam'munsi yatsekeka. Zikuoneka kuti ndi lezala basi. Amayi, kodi polishi angabise pa ngodya pamene guluu anayenderera, kapena pafunika sandipepa?

Mayi wa Airbrush

Polishi amabisa timikwingwirima tating'ono, koma makwinya a guluu sangawabise. Pamafunika kuyamba ndi sandipepa wonyowa wa 1500 kapena 2000, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 12000 ngati muli ndi sandipepa wosalala kwambiri wa Micro-Mesh, osadumpha sitepe, ndipo galasi lidzaoneka loipa kuposa poyamba musanafike kumapeto. Vuto ndi lakuti mkati mwa galasi lakutsogolo la Spitfire ndi mopanikiza, chala sichilowa, ndipo mukalifinya pogwira limachita ting'alu toyera tam'kati timene sitichoka. Ine ndikanakhala inu ndikanadzaza kunja kwake ndi Blu Tack (kaphala komatira mapepala kukhoma) kuti lilimbe pogwira. Ngati makwinyawo ali pafupi ndi felemu, asiyeni, penti ya felemu idzaphimba mbali yaikulu.

Kalipentala wa Tindege

Popeza nkhani ya kachitseko yatchulidwa, ndichenjeze aliyense amene angakatsegule kuti kachitsulo kotsegulira kamene kamakhala pa kachitsekoko asakapente kofiira. Kufiirako timakuona pa ndege zokonzedwanso za m'nyumba zosungiramo zakale ndi za pa zionetsero, koma pa zithunzi za nthawi ya nkhondo kamaoneka ka mtundu wa m'chipindamo kapena ka chitsulo chabe. Mpando nawonso usakhale wobiriwira, chifukwa pa Mk IX unali wa pulasitiki wofiirira moderako. Ndipo achimwene, popeza mukumanga JE-J, bwanji osaika mizere yakuda ndi yoyera ija? Imakopa maso, moti munthu sangayang'anitsitse pa ngodya ya galasi.

Mphunzitsi Wopuma

Ayi akalipentala, mizereyo singakhale pa EN398 ya ku Kenley. Inapakidwa kumayambiriro kwa June 1944 pokonzekera kuwolokera ku Normandy, ndipo nthawi imeneyo Johnson anali ndi Spitfire ina, MK392, imene inalinso ndi zilembo JE-J. Anthu ambiri amasokoneza ndege ziwirizi chifukwa cha zilembozo. Amene akufuna mizere amange MK392, ndipo akumbukire kuti pa ndege za injini imodzi mzere uliwonse unali mainchesi 18, kutanthauza mamilimita 9.5 pa 1/48, itatu yoyera ndi iwiri yakuda. Ya 1943 ikhale ndi Ocean Grey ndi Dark Green pamwamba, Medium Sea Grey pansi, lamba wa Sky chakumchira ndi kamzere kachikasu kutsogolo kwa mapiko.

Chimene ndikufuna kumva kwa mwini ndegeyi ndi mtundu wa tsamba la maple, chizindikiro cha Canada, limene lili pansi pa galasi lakutsogolo. Johnson mwiniwake ankalikumbukira kuti linali lobiriwira, pamene ambiri amene anafufuza amati linali lofiira monga pa ndege zina za magulu a ku Canada, ndipo zithunzi zakuda ndi zoyera sizithetsa mkanganowo. Ine pa yanga ndinaika lofiira, koma mtima sunakhazikike mpaka lero.

Wa ku Leeds

Ine ndinaika lobiriwira, aphunzitsi, chifukwa munthu amene ankakwera ndegeyo tsiku ndi tsiku ankaliona tsambalo ndi maso ake asanalowe m'chipinda. Komabe ndichenjeze achimwenewa kuti dekalo (kachithunzi komata) ya tsambali imakhala pafupi kwambiri ndi pamene akufuna kudula, choncho malo amenewo akawathira putty awasalaze bwino ndi kuwapaka vanishi wonyezimira, apo ayi mpweya udzatsalira pansi pa dekalo n'kumaoneka ngati siliva.

Mkulu wa ku Zomba

Mwaona tsopano, mwafika pa putty ndi vanishi pansi pa galasi lakutsogolo, zinthu zimene sizikanafunika mukanamvera zimene ndinanena poyamba. Ndamanga ma Spitfire ambiri kuyambira ndili mnyamata, pamene tinkapenta ndi bulashi ndi tizitini ta penti ya Humbrol, ndipo sindinaonepo galasi lakutsogolo lochotsedwa ndi lezala likubwerera pamalo pake mmene linalili. Lotsetsereka likawonongeka podula, mungathe kuumba lina potenthetsa pulasitiki woonekera mkati wa m'mapaketi n'kumukokera pa lakalelo mutalidzaza putty, ndipo limatuluka lopyapyala kuposa la m'bokosi, loyenera kukhala lotsegula. Lakutsogolo simungaliumbe motero chifukwa cha mafelemu ake ndi galasi lokhuthala loteteza zipolopolo lija. Mwana wanga, dulani lotsetsereka, pukutani lakutsogolo lili pomwepo, ndipo mugule bokosi.

Kalipentala wa Tindege

Pulasitiki wa m'mapaketi si onse amene amalola, abambo, wina amayera akangomva moto, ndipo ine ndinawotcha zala ziwiri pa kandulo ndisanapeze woyenera. Kodi alipo amene akudziwa ngati polishi wapansi amene akupezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre masiku ano ndi wa acrylic woonekera mkati uja, kapena ndi wa phula? Botolo langa lakale latsala pang'ono kutha, ndipo sindikufuna kuviika galasi la Mustang yanga m'chinthu chimene sindinachiyese.